Momwe mungasankhire dishi ya TV yopirira chisanu cha ku UK

Dishi ya panyumba pathu pano ku Glasgow ndinaimanga ndekha, ndipo anzanga ochokera kumudzi amandifunsa kawirikawiri kuti agule zotani. Ine ndimaonera Freesat, TV ya pa satellite yomwe BBC ndi ITV anayambitsa mu 2008. Simulipira pamwezi, koma TV Licence, chiphaso choonera TV kuno, musaiwale. Ngati nyumba ndi ya lendi, pemphani kaye eni ake musanaboole khoma.

Yambani ndi kukula kwa dishi. Matchanelo amachokera ku ma satellite a Astra omwe ali pa 28.2° East. Kummwera kwa England kadishi ka Zone 1 kamakwanira, koma kuno ku Scotland gulani ya Zone 2, yokulirapo, chifukwa siginolo imafika yofookerako, ndiye chipale chofewa chikamatirira chimaichepetsanso. Imangeni pamalo oti mungafikepo ndi burashi ya mpini wautali, osati pamwamba pa denga. Madzi otentha musathirepo, amadzaundana.

Tsopano chingwe, apa ndi pomwe ndinapsa. Ndinagula mpukutu wotchipa kwa munthu wina wogulitsa pa intaneti, yemwe ananditsimikizira kuti nchimodzimodzi ndi cha m'sitolo. Polumikiza ku LNB, kachipangizo kolandira siginolo kutsogolo kwa dishi, ndinangokulunga ndi tepi wamba wa magetsi. Mpaka Novembala zonse zinali bwino. Mu Januwale zithunzi zinayamba kuduladula, kenako matchanelo ena anasoweratu. Kumudzi tinazolowera kuti mvula ikakata zithunzi zimabwerera zokha, choncho ndinadikira masiku atatu, ndikukayikira dikoda yomwe inalibe mlandu. Nditakwera makwerero n'kudula chingwe pafupi ndi LNB, munatuluka madontho a madzi, ndipo timawaya tam'kati tinali titayera mbuu, tikufumbutuka m'manja. Mvula inkalowa pang'onopang'ono pa tepi uja, madzi n'kumaundana usiku, n'kumang'amba chingwe m'kati.

Gulani chingwe cha WF100, cha kopa weniweni. Nyamulani kamaginito pokagula: waya wapakati akakamata, dziwani kuti ndi chitsulo chongokutidwa kopa, chisiyeni. Kusiyana kwa mtengo ndi mapaundi ochepa chabe poyerekeza ndi kukwera makwerero m'chisanu zala zitauma gwa. Pa F-connector, kachitsulo kolumikizira chingwe ku LNB, kulungani ndi self-amalgamating tape. Mumamukoka mpaka atanuke, n'kuzunguliza kuyambira pachingwe kukafika pa LNB, ndipo amagwirana yekha n'kukhala ngati labala imodzi. Chingwe chisanalowe m'khoma chipindeni chitsike kaye pansi pang'ono kuti madzi azidontha panja, ndipo bowo lipendekere kunja, mulitseke ndi silicone.

Chogwirizira dishi ndi mabauti zikhale zosachita dzimbiri, zomangidwa pa njerwa yeniyeni, osati pa simenti ya pakati pa njerwa, chifukwa mphepo ya kuno siichita masewera. LNB igwirizane ndi dikoda yanu: ya mtundu watsopano wotchedwa wideband sigwira pa madikoda akale, ndiye funsani musanalipire, ndipo yakale ya kapu yosweka musatenge ngakhale akupatseni ulere.

Kulozetsa nkosavuta. Onani komwe zaloza dishi za aneba, chakummwera cha kummawa, sunthani pang'onopang'ono mukuyang'ana pa TV ubwino wa siginolo (quality) osati mphamvu yake (strength) yokha, kenako mangani mabauti onse.