Kutseka Khola Lonse Kukupha Nkhuku za Nyama

M'nyengo yozizira ino alimi ambiri a nkhuku za nyama, makamaka m'madera okwera monga Dedza, Ntcheu ndi Mzimba, akudandaula kuti nkhuku zikuwafera zikafika masabata 4 mpaka 6, ndipo zikufazo ndi zonenepa zimene amayembekezera kugulitsa msanga. Akazitumbula akupeza m'mimba mwadzaza madzi achikasu, chiwindi chotupa ndi mtima waukulu wolefuka. Ambiri akuthamangira kunena kuti ndi chitopa kapena chakudya choipa, koma ife alangizi tikafika pakhola timapeza kuti mawindo onse atsekedwa ndi masaka ndi mapepala apulasitiki, mbaula ya makala yakhala ikuyaka m'kati usiku wonse, ndipo ukangolowa maso amalasa ndi fungo la zitosi.

Nkhuku ya nyama imakula mofulumira kwambiri moti thupi lake limafuna okosijeni wambiri, pamene mapapo ake ndi aang'ono ndipo safutukuka monga a mbuzi kapena a munthu. Ku Dedza, komwe tauni ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera panyanja yamchere, okosijeni ndi wochepa kale, ndiye makala akamadya wotsalayo nkhuku imakhala ikupuma mpweya wosaikwanira. Zikatero mitsempha ya magazi ya m'mapapo imafinyika, ndipo chimodzi mwa zimene zimaifinya ndi kapuloteni kakang'ono kotchedwa endothelin-1, kamene kamapangidwa m'kati mwa mitsempha yomweyo, ndipo akatswiri a ku Japan adakatulukira mu 1988. Kakachuluka kwa masiku ambiri kamachititsanso kuti makoma a mitsempha akhuthale, ndipo nitric oxide, amene ntchito yake ndi kumasula mitsempha, salimbana nako. Thupi nalo limawonjezera maselo ofiira, magazi n'kukhala olimba. Mbali ya kumanja ya mtima, imene imapopera magazi kumapapo, imakakamizika kukankha magazi olimbawo m'njira zopapatiza, imakula, kenaka imatopa. Magazi amadzadzana m'chiwindi, madzi n'kumatsikira m'mimba.

Chowawa n'chakuti vutoli limayamba anapiye ali aang'ono, koma nkhuku imadzafa itadya kale chakudya cha mwezi wathunthu, ndipo mlimi aliyense akudziwa kuti ndalama zambiri pa ulimiwu zimathera ku chakudya. Mayi wina amene ndidamuyendera adandionetsa mapaketi a mankhwala ophera tizilombo omwe adagula atawona nkhuku zikupuma wefuwefu. Nditamupempha kuti achotse saka limodzi pawindo, adayankha kuti, "Alangizi, apongozi anga adaweta nkhuku moyo wawo wonse, ndipo nthawi ya mwera ankatseka chonchi." Apongoziwo ankaweta nkhuku zachikuda, zimene zimatenga miyezi ingapo kuti zikule ndipo masana zimayenda panja. Nkhaniyi takhala tikuinena chaka ndi chaka, komabe anthu akupitiriza kuwononga ndalama pa mankhwala a matenda amene alibe kachilombo, ndipo palibe mankhwala othira m'madzi amene angabweze mtima umene watopa kale.

Sindikunena kuti anapiye azigona pamphepo, chifukwa kuzizira nako kumawonjezera okosijeni amene thupi likufuna. Tchingani m'munsi mwa mawindo koma musiye mpata m'mwamba mbali zonse ziwiri, usana ndi usiku. Makala muziyatsira panja, muwalowetse atasiya kufuka. Sabata yoyamba kutentha kukhale madigiri 32 mpaka 33, kenaka muzichepetsa ndi madigiri 2 kapena 3 sabata iliyonse. Utuchi wonyowa uchotsedwe, nkhuku zisathithikane, ndipo amene mumasakaniza nokha chakudya musachulutse mchere. Kumene vutoli labuka kale, chepetsani liwiro la kakulidwe pozipatsa chakudya chaufa m'malo mwa chambulumbulu ndi kuzimitsa nyali kwa maola angapo usiku. Nkhuku yofa muitengere kwa mlangizi wa ziweto tsiku lomwelo kuti aitumbule.