Kupeza kampani yothandiza chionetsero cha zojambula ku Kasungu

Mwafunsa kuti inu ndi anzanu ojambula ndi osema ziboliboli mungapeze bwanji kampani yolipirira chionetsero chanu pa boma la Kasungu.

Yambani mwapeza malo ndi tsiku, chifukwa kampani siitulutsa ndalama pa chinthu chopanda tsiku. Holo ya sukulu kapena ya tchalitchi ikwanira. Ine ndingasankhe pakati pa Meyi ndi Julayi, mvula itatha, fodya akugulitsidwa, anthu ali ndi kangachepe m'thumba.

Kenako jambulani ntchito zanu ndi foni kukuwala, ndipo lembani bajeti ya tsamba limodzi: holo, mafelemu, mayendedwe, maposita.

Kalata ipite kwa manijala wa banki, wa malo ogona alendo kapena wa kampani yogula fodya. Apa ndi pomwe ambiri amaphonya, amangopempha. Nenani chomwe kampaniyo ipindule: dzina lake pa chikwangwani, kutchulidwa pa wailesi, mpata woyankhula potsegulira. Nthambi zambiri zimatumiza pempho ku likulu, ku Lilongwe kapena ku Blantyre, choncho perekani kalatayo kudakali miyezi itatu. Akakana ndalama, pemphani kuti akusindikizireni maposita kapena akubwerekeni galimoto.

Mukagwirizana, lemberanani, makamaka zoti ndalama ya chithunzi chogulitsidwa ndi ya wojambula. Chionetsero chikatha, atumizireni zithunzi ndi malisiti.