Mbozi za gulugufe pa mbande za malalanje: yambani ndi kutola

Gulugufe wamkulu wakuda wa mawanga achikasu, amene amazungulira mitengo ya mandimu, malalanje ndi manachesi pakhomo, iye mwini sadya masamba, amangomwa timadzi ta m'maluwa. Chimene amadzera pamtengopo n'kuikira mazira, ndipo mbozi zake ndizo zimamaliza mbande.

Mazira amaikira limodzilimodzi pamasamba anthete a kunsonga. Ndi obulungira, oyera mopita kuchikasu, ochepa ngati njere ya mpiru, ndipo amaswa sabata isanathe. Alimi ambiri amapusitsidwa ndi kambozi kakang'ono, chifukwa kamakhala koderako ndi banga loyera pakati, kofanana kwambiri ndi chitosi cha mbalame, ndipo masana kamangokhala duu pamwamba pa tsamba. Mukaona "chitosi" pa tsamba lodyeka m'mphepete, chikhudzeni ndi kamtengo. Ngati ndi mbozi imadzutsa mutu n'kutulutsa tinyanga tiwiri tofiira ta fungo loipa. Tinyangato n'toopsezera adani basi, sitiluma. Ikafundula komaliza imasanduka yobiriwira, imatalika kufika masentimita 4, ndipo ndi pamsinkhu umenewu pamene imadya kwambiri. Kenako imadzimangirira ku nthambi ndi kaulusi n'kusanduka chikwa.

Chiopsezo chenicheni chili kunazale ndi pamitengo yosafika zaka zitatu. Mbande yomezanitsa imadalira mphukira imodzi yokha, ndiye mbozi ziwiri zikaidya, ntchito yonse yomezanitsa yabwerera m'mbuyo. Mtengo waukulu wobereka, ngati ya manachesi a ku Mwanza ija, umaphukanso osataya zipatso, choncho kuupopera chifukwa cha mbozi zochepa n'kungowononga ndalama.

Yenderani mbande kawiri pa sabata, m'mawa, makamaka mitengo ikamaphuka mvula itayamba kapena mutangothira manyowa. Yang'anani masamba asanu kapena asanu ndi limodzi a kunsonga, pamwamba ndi pansi pomwe. Mazira aphwanyeni ndi chala, mbozi ziponyeni m'chitini cha madzi a sopo. Kawiri pa sabata n'kofunika: mukadumpha sabata yathunthu, mazira amene munawaphonya amakhala ataswa ndipo kudya kwayamba kale.

Mbande zikakhala zambiri moti kutola sikukukwanira, gwiritsani ntchito nimu. Sinjani magalamu 500 a njere zouma zosenda, munyike m'malita 10 a madzi usiku wonse, musefe ndi nsalu kuti zisatseke mpopi, muikemo sopo pang'ono kuti mankhwala agwire tsamba. Poperani tsiku lomwelo dzuwa litapendeka, chifukwa dzuwa limapha mphamvu ya nimu, ndipo bwerezani pakatha sabata. Nimu sapha pompopompo. Mbozi imasiya kudya n'kulephera kufundula, ndiye musafulumire kunena kuti sanagwire ntchito. Amagwira bwino pa timbozi tating'ono, zobiriwira zija zitoleni ndithu.

Cholakwika chimene chimachitika kawirikawiri ndi kuthamangira mankhwala amphamvu monga Cypermethrin. Amaphadi mbozi, koma amapheranso limodzi njuchi ngati mitengo ili ndi maluwa, komanso akangaude, chiswamphika ndi timavu ting'onoting'ono timene timaikira mazira mkati mwa mazira ndi zikwa za gulugufeyu. Adani amenewa akatha, nsabwe za m'masamba ndi tizilombo tina tomata panthambi timachulukana, vuto n'kukula kuposa poyamba. Mukapeza chikwa chili ndi timabowo tating'ono m'mbali, dziwani kuti timavuto tilipo pakhomo panu ndipo tikugwira ntchito.

Musasokoneze kudya kwa mbozizi ndi timizere tonyezimira tokhotakhota mkati mwa tsamba lopiringizika. Kameneko ndi kambozi kena kamene kamaboola mkati mwa tsamba, ndipo kutola sikungakathetse. Kameneko kafunika nimu masamba atangophuka.