Kapangidwe ka ufa wa phala wosakaniza: chimanga, soya, mapira ndi mawere

Ufa wa phala wa m'mapaketi wafika podula moti ambiri kuno ku Thyolo angobwerera ku phala la ufa woyera, lomwe kunena zoona ndi longodzaza mimba basi. Chimanga chikakonoledwa madeya amapita ku nkhumba, chonsecho mavitamini a gulu la B ndi zija zothandiza kuti munthu asadzimbidwe zili momwemo. Nde mukasakaniza mbewu iliyonse imabwera ndi zake, soya ndi womanga thupi, mawere ali ndi kashiamu wolimbitsa mafupa, mapira ndi mgaiwa zimakhalitsa m'mimba. Likuni Phala ujanso maziko ake ndi chimanga ndi soya.

Muyezo wanga ndi makapu 4 a chimanga chosakonola, kapu 1 ya soya, mapira theka la kapu, mawere theka. Kaya muyezera mbale kaya ndowa bola choyezera chikhale chimodzi.

Pogula pa Bvumbwe kapena pa Luchenza pisani dzanja mpaka pansi pa thumba, mavenda ena pamwamba amaika zokongola pansi pali zofumbwa. Mawere amabwera ndi mchenga wambiri, petani bwinobwino, ndipo nenani kuti mukufuna mawere osati chimera cha thobwa. Chimanga chachuku tayani osachimvera chisoni, poizoni wake amawononga chiwindi ndipo saferapo pa moto ayi.

Tsopano soya, apa ndi pamene pali nkhani. Soya wosaphsa savomera m'mimba ndipo thupi silitengamo zomanga thupi mokwanira, nde ayenera kuwiritsidwa kaye. Musamutsuke kapena kumuviika m'madzi ozizira, ndi zimene zimabweretsa kafungo kaja ana amakanira phala. Sankhani miyala ali wouma, madzi abwate kaye, kenako muzithira pang'onopang'ono kuti asasiye kubwata, awire mphindi 30. Akatero tsanulani, tikitani ndi manja makoko achoke, yanikani pa mphasa mopyapyala.

Kuyanikako ndi kumene kunandiwonongera ndowa ya ufa chaka china mu Julaye. Soya ali pamphasa chiperoni chinangotsika, kamvula kowaza ndi nkhungu osaona ngakhale minda ya tiyi kutsidya, soya uja kunja ankaoneka wouma ndithu koma mkati anali ndi chinyezi. Kuchigayo anamata sefa, mwini chigayo kudandaula, ndipo sabata isanathe ufa unagwirana mibulu nkuyamba kununkha chuku, wonse unatayidwa ndi chimanga chomwe. Ndiye yesani chonchi: lumani njere imodzi, ikathetheka kuti khwa ndi wouma, ikangophwanyika mofewa ngati chingamu abwerere padzuwa. Kukakhala chiperoni mumalizitseni pa chiwaya moto wochepa mukutakasa osalekeza mpaka afiirire pang'ono, asapserere chifukwa ufa umawawa. Kuno kwathu nthawi yabwino ndi Seputembala ndi Okutobala dzuwa likamaswa mtengo. Ena amadumpha kuwiritsa nkungokazinga, zimatheka koma mkati nthawi zambiri simupsa.

Zikauma sakanizani zonse mupite kuchigayo, muwauze agaye ngati mgaiwa koma wosalala. Ufa ukabwera wotentha uyanikeni uzizire musanatsekere m'chigoba. Mtedza musagayire limodzi, mafuta ake amawonongetsa ufa msanga, nsinjiro muzingothira pophika.

Kuphika mukudziwa kale, mphindi 20 zakwana, phala likhale lolimbirako osati lamadzimadzi makamaka la mwana, kuyambira miyezi 6. Shuga pang'ono, kapena phwanyiranimo nthochi kaya peyala. Tiyi yekha musamwere limodzi chifukwa amatchinga ayironi kulowa m'thupi, bola kachidutswa ka chinanazi cha ku Mulanje, tiyiyo mumwe pakapita ola limodzi.