Momwe mungapezere chidindo cha API ngati mumapanga zitsulo za okumba mafuta

Ngati muli ndi wekishopu yopanga ma flange, ma valve kapena mapaipi ndiye mukufuna kugulitsa kwa makampani okumba mafuta ndi gasi, dziwani kuti asanafunse n'komwe za mtengo adzayamba akufunsani nambala ya layisensi yanu ya API. Kwathu ku Malawi mafuta sitikumba inde, koma abale athu ambiri akuwotcherera m'mawekishopu a ku Johannesburg, Durban ndi Cape Town, ndipo chiyambire Coral Sul, fakitale ya gasi yoyandama pa nyanja, kutumiza gasi wa ku Mozambique mu November 2022 nkhani ya mapepala amenewa ikumveka pafupi kwambiri.

API ndi American Petroleum Institute, bungwe la ku America lomwe linayamba mu 1919. Kukhwimitsa kwawo kuli ndi chifukwa chake: valve ya pamutu pa chitsime imatha kusunga pulesha ya 10,000 psi kapena 15,000 psi, ikaphulika anthu amafa. Pa 20 April 2010 pa Deepwater Horizon, nsanja yobowolera mafuta m'nyanja ya Gulf of Mexico, BOP (chida chotseka chitsime mafuta kapena gasi akafuna kuphulika) inalephera, anthu 11 anafa ndipo mafuta anatayikira m'nyanja pafupifupi miyezi itatu. Ndiye musamadabwe akamafunsa ngakhale za bawuti imodzi.

Choyamba, dziwani spec ya katundu wanu

Layisensi ya API Monogram, chomwe ndi chidindo cha API chija, siiperekedwa pa kampani yonse chisawawa, imaperekedwa pa fakitale imodzi, pa spec imodzi, kutanthauza buku la malamulo a kapangidwe ka mtundu umodzi wa katundu. API 6A ndi ya zida za pamutu pa chitsime, 6D ndi ma valve a m'mapaipi, 5L ndi mapaipi oyendetsa mafuta, 5CT ndi casing ndi tubing (mapaipi olowa m'chitsime), 7-1 ndi zida zobowolera, 16A ndi ma BOP. Gulani buku lenilenilo la edition yomwe ikugwira ntchito pano, osati PDF yakale yomwe wina wakuponyerani pa WhatsApp, chifukwa odita akafika adzafuna kuona lomwe mukugwiritsa ntchito. Mu 6A mulinso ma PSL, omwe ndi magiredi a kukhwima kwa mayeso, kuyambira 1 mpaka 4, nambala ikamakwera mayeso nawonso amachuluka. Ine ndingati yambani ndi yomwe makina anu angakwanitse lero lino.

Chachiwiri, Q1

API Spec Q1 ndiye buku la momwe fakitale iyenera kuyendetsera ntchito zake, ndipo edition ya 10 inatuluka mu 2023. Amene muli kale ndi ISO 9001:2015, satifiketi yapadziko lonse ya kayendetsedwe kabwino ka ntchito, mwayamba bwino koma musadzinamize kuti mwafika, Q1 imafuna zambiri zolembedwa: kuunika zoopsa zomwe zingawononge katundu kapena kuchedwetsa oda, pulani ya zomwe mudzachite magetsi akazima kapena makina akafa, ndondomeko yokonzera makina asanawonongeke, komanso MOC, kutanthauza kuti mukasintha wogulitsa zitsulo, makina kapena munthu wofunika pa ntchito, muzilemba kuti kusinthako kukhudza chani. Marekodi muzisunga zaka 10.

Apa ndi pomwe ambiri amataya ndalama. Amalemba consultant, iye n'kubweretsa mafayilo okhuthala omwe anakopera ku fakitale ina, bwana n'kusainira, mafayilo n'kukakhala mu kabati. Odita wa API sakhalitsa mu ofesi, amatsika kumakina n'kufunsa mnyamata wa pa lathe kuti drawing iyi ndi revision yanji, nanga chitsulo chikalakwika mumachiika pati. Mnyamatayo akayang'ana kwa kapitawo osayankha, basi zadziwika. Consultant mulembeni ndithu ngati ndalama ilipo, koma ndondomeko zilembedwe ndi anthu omwe amagwira ntchitoyo, m'mawu omwe iwo akumva.

Chachitatu, chitsulo chilichonse chikhale ndi mbiri yake

Pamenepa ndikhalitsapo chifukwa ndi pomwe pagona nkhani yonse. Chitsulo chikamabwera kuchokera kosungunula chimakhala ndi heat number, nambala ya gulu la chitsulo chomwe chinasungunulidwa nthawi imodzi, ndi satifiketi yake ya EN 10204 3.1 yonena zomwe zasakanizidwa mkati ndi mphamvu zake. Nambala imeneyo iziyenda ndi chitsulocho ngati buku lakuchipatala la mwana: mukadula bar imodzi zidutswa 12, chidutswa chilichonse mudinde nambalayo musanachichotse pa macheka, chikapita ku ng'anjo tchati cha kutentha chilembedwe nambala yomweyo, chikapita kowotcherera chimodzimodzi, mpaka pa mayeso a pulesha. Odita amangotola flange imodzi pa shelefu n'kunena kuti ndionetseni komwe inachokera, ndipo mukasowa pepala limodzi pakatipo flange ija yasanduka sikirapu ngakhale ikhale yokongola bwanji. Zoti "tikudziwa ndife, chinachokera mulu uwo" kumeneko kulibe.

Kuwotcherera nakonso kuli ndi mapepala ake a ASME Section IX. Pepala la WPS limanena mawotcheredwe ake, PQR ndi umboni woti njirayo inayesedwa ku labu, kenako wowotcherera aliyense akhale ndi satifiketi yakeyake. Mdala woti wawotcherera zaka 20 amayesedwabe, ndipo musamuchititse manyazi, mufotokozereni bwinobwino kuti pepalalo likuteteza dzanja lake lomwe. Oyeza ming'alu ndi ultrasonic, maginito kapena X-ray akhale ndi ISO 9712 kapena SNT-TC-1A. Ndipo ngati katunduyo akupita ku chitsime cha gasi wa H2S, werengani NACE MR0175, yomwenso ndi ISO 15156, chifukwa gasi ameneyu amang'alula chitsulo cholimba kwambiri, ndiye kulimba kuli ndi malire ake omwe simuyenera kupyola.

Ma geji, ma micrometer ndi mawotchi a pulesha azipita ku calibration, kukaonedwa ngati akuyeza molondola, makamaka ku labu ya ISO/IEC 17025. Ku South Africa malabu otere amavomerezedwa ndi bungwe la SANAS, m'mayiko ena a SADC kuphatikizapo Malawi amavomerezedwa ndi bungwe la SADCAS. Geji ikapezeka kuti imanama, mubwerere m'mbuyo kukaona katundu yense yemwe inayeza, ena mwina ali kale kwa kasitomala, mumuuze.

Ogulitsa anu nawonso muwaunike, makamaka a ma forging, ng'anjo ndi mabawuti. Akalakwitsa iwo mlandu ndi wanu.

Chachinayi, yendetsani miyezi 4 musanapemphe

API imafuna kuti ndondomeko yanu ikhale itagwira ntchito miyezi yosachepera 4, mutachita kale internal audit ndi msonkhano wa mabwana wounika zonse. Internal audit imeneyi muichite moona mtima, munthu asadziunike ntchito yake yomwe. Lipoti loti "zonse zili bwino" m'fakitale yoti yangoyamba kumene palibe angalikhulupirire, bola mupeze zolakwika 15 n'kuonetsa momwe munazikonzera.

Chachisanu, pemphani

Zonse zimachitikira pa intaneti, pa tsamba la API lotchedwa myCerts. Mumatumiza quality manual ndi mafomu oonetsa kuti ndime iliyonse ya Q1 ndi ya spec yanu mwaikwaniritsa pati, mulipira, iwo awerenga, akakhutira atumiza odita ku fakitale. Ndalama za odita, ulendo wake ndi malo ogona zimagwera inu, mu madola, ndiye ikani pa bajeti msanga poti forex mukuidziwa mavuto ake. Tsiku la audit makina akhale akuyenda, ndipo mafayilo a design ndi umboni woti katundu wanu anayesedwa zikhale pafupi. Akapeza zolakwika mumayankha pa myCerts pomwepo, ndipo yankho loti "tamuchenjeza wantchito" amalibweza, amafuna gwero la vutolo ndi chomwe mwasintha kuti lisabwerenso.

Zikatheka layisensi imakhala ya zaka 3, koma odita amabwerabe chaka ndi chaka. Chidindo mumachiika pa katundu yekhayo yemwe wapangidwa pa fakitale yovomerezekayo ndipo wakwaniritsa spec, pamodzi ndi nambala ya layisensi ndi mwezi ndi chaka chomwe wapangidwa. Mukadinda katundu wa ku nthambi ina kapena wogulidwa kwina, a API akhoza kukuimitsani kapena kukulandani layisensi, ndipo aliyense amaona zimenezo pa API Composite List, mndandanda wa pa intaneti wa omwe ali ndi layisensi, yomwe ndi yaulere. Inunso musanagule kwa wina amene akuti ali ndi API, kaoneni pamenepo.

Kwa a wekishopu yaying'ono, ine malangizo anga ndi oti musathamangire Monogram. Tengani kaye ISO 9001, konzani nkhani ya heat number ndi mapepala a owotcherera, kenako pemphani ntchito ya machining kwa fakitale yomwe ili kale ndi layisensi. Iwo adzabwera kudzakuunikani ngati supplier wawo, mudzazolowera mafunso a odita uku mukulandira ndalama, ndipo satifiketi ya Q1 payokha mukhoza kuitenga kudzera ku APIQR, nthambi ya API yopereka masatifiketi otere, musanafike pa chidindo. Amene simupanga zida koma mumakagwira ntchito pa chitsime pomwepo, buku lanu ndi Q2.