Kugona m'kabini injini itazima: malangizo kwa madalaivala anzathu a ku Zambia

Anzanga ochokera ku Chipata, Katete, Petauke mpaka Lusaka, inu amene mumadutsa pa Mwami ndi Mchinji kubwera kudzatsitsa katundu kuno ku Kanengo, ndakulemberani malangizowa m'Chinyanja chifukwa kabuku kobwera ndi hita ya m'kabini kali m'Chingelezi ndipo ambirife timangokaponya pansi pa bedi osakatsegula. Nkhani yake ndi imodzi, mukamagona injini izikhala yozima.

Lole yaikulu ikamangolira ili chiimire imamwa dizilo pafupifupi malita 3 pa ola, ndiye tawerengani nokha, maola 8 a usiku ndi malita 24 opsa tayala lisanazungulire ngakhale kamodzi. Komanso injini yolira pang'onopang'ono choncho situntha bwino, dizilo sapsa yense, mwaye umadzadza, oilo amada msanga, ndipo malole atsopanowa okhala ndi fyuluta ya DPF, yogwira mwaye wa mu utsi, amayamba kuyatsa magetsi ochenjeza pa dashibodi. Chokhacho chololedwa, mukangofika kuchokera pa mtunda mutasenza katundu wolemera isiyeni ilire mphindi 3 mpaka 5 kuti turbo izizire, kenako zimitsani.

Tiyambe ndi kuzizira, chifukwa amene anagonapo pa boda ya Dedza mu June kapena July akudziwa mmene mphepo imalowera m'mafupa, ngakhale kuno ku Lilongwe m'bandakucha kumazizira ndithu. Hita ya dizilo ya m'kabini, monga za Webasto kapena Eberspächer, imakoka dizilo pang'ono kwambiri, yaing'ono ija ya 2 kW sikwana ndi kota ya lita pa ola, usiku wonse simungathe malita 2. Musanayatse onani kuti polowera mpweya ndi potulukira mpweya wotentha palibe chotchinga. Ichi ndiye ambiri timalakwitsa, timakankhira chikwama, nsapato, bulangete pansi pa bedi pomwe pali hita, kenako ikatenthetsa nkuzima yokha timati yafa pomwe yangobanika. Yatsani ndi batani lake, dikirani mphindi zingapo, poyamba mumva kapampu kakugogoda, zimenezo nzabwinobwino. Pozimitsa gwiritsani batani lomwelo ndipo fani ipitiriza kuzungulira kwa mphindi zochepa kuti mkati muzizire, chonde musadule magetsi pa switchi ya batire nthawi imeneyo, mudzawotcha zamkati. Mukamathira mafuta pa filing'i siteshoni hita izikhala yozima. Ndipo ngakhale m'miyezi yotentha muziiyatsa kamodzi pa mwezi kwa mphindi 10 kuti pampu ndi fani zisagwirane.

Apa ndiimepo kaye chifukwa zimandikhudza kwambiri. Mbaula, sitovu ya gasi kapena makala oyaka musalowetse m'kabini, ngakhale kuzizire bwanji, ngakhale mukuti ndingowotha pang'ono ndiitulutsa. Makala amatulutsa mpweya wa carbon monoxide umene suoneka komanso sununkha, munthu amangomva mutu, chizungulire, tulo, basi osadzukanso. Utsi wa injini nawonso uli nawo mpweya womwewu, ndipo pa depoti pamene malole apanikizana utsi wa mnzako umalowera pa windo lako. Hita yomangidwa bwino imatulutsa utsi wake kunja, choncho mukamva fungo la utsi kapena la dizilo mkati zimitsani, tsegulani mawindo, ikaonedwe ndi makaniko musanaiyatsenso. Ka alamu ka carbon monoxide koyendera mabatire mukakapeza gulani, kapachikeni pafupi ndi pogona.

Kutentha ndiye kovutirapo, sindinama, October pa mlatho wa Luangwa kapena ku Tete munthu umafuna eyakoni usiku wonse. Ngati lole yanu ili ndi eyakoni ya padenga yoyendera mabatire a 24V, malangizo ake akuti muyambe mwaziziritsa kabini ndi eyakoni ya injini mukadali pa msewu, mukaima nkuzimitsa injini ndiye muyatse ya padengayo kuti izingosunga kuzizira komwe kulipo kale. Mukaipatsa kabini yotentha ngati uvuni imadya batire msanga. Tsekani makatani onse, makamaka ija yogawa bedi ndi kutsogolo, malo oziziritsa achepe, ndipo eyakoniyo musaitsitse mpaka pansi penipeni, madigiri 24 kapena 25 munthu amagona bwinobwino. Ili ndi chitetezo choti batire ikatsika imazima yokha kuti m'mawa injini ilize, ena amachichotsa chimenechi kapena kulumikiza waya molambalala, musatero abale anga, mudzadzuka pa boda mzere ukuyenda inu mukusaka wokubusitani ndi batire yake kuti injini ilire. Mitu ya mabatire izikhala yoyera ndi yomanga bwino, fyuluta ya eyakoni muzitsuka pafupipafupi chifukwa fumbi la m'misewu yathuyi mukulidziwa.

Amene mulibe zipangizozi, imani pa mthunzi ngati malowo ndi otetezeka, phimbani galasi lakutsogolo ndi chonyezimira chija chobweza dzuwa, fani yaing'ono yolumikiza pa soketi imathandiza kwambiri ndipo sidya batire ngati eyakoni. Mawindo tsitsani pang'ono mbali zonse ziwiri koma muikepo neti, udzudzu wa ku Luangwa ndi ku Mchinji malungo ake ndi amodzimodzi. Imwani madzi okwanira madzulo. Kukazizira, mabulangete awiri, chipewa ndi sokosi zouma, osagona ndi zija mwayenda nazo tsiku lonse.

Mukafika pa Kanengo hita ikuthwanima kapena kuonetsa nambala pa kasikirini kake, lembani nambalayo kapena muijambule pa foni musanazimitse, makaniko amayambira pamenepo.