Jik sathetsa ndere, amapha nsomba

Chiyambireni Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ndalowa m'makomo angapo ku Namiwawa, Nyambadwe ndi Chigumula, ndipo nkhani yake ndi imodzi. Kadziwe kokongoletsa pabwalo kakangobiriwira ndi ndere, eni ake athamangira kugolosale, agula Jik n'kukhuthulira m'madzimo. Abale, chizolowezi chimenechi chitheretu.

Inde, tsiku loyamba madzi amayera mbee. Koma klorini, mankhwala omwe ali mu Jik, sasankha. Amapha nsomba, achule, ngakhalenso tizilombo tosaoneka tomwe timadya zonyansa pansi pa dziwe. Ndere zakufazo zimamira, zimawola, zimamaliza mpweya m'madzi, kenako n'kusanduka manyowa a ndere zatsopano. Pakangopita masiku madzi abiriwiranso kuposa kale, fungo lili guu. Chomwe chimandipweteka mtima kwambiri n'chakuti nsomba zomwe zinkadya mphutsi za udzudzu zapita. Mwatsala ndi moswera udzudzu pakhomo pogona ana, mvula ili pafupi kugwa.

Bambo wina wa ku Chigumula, mlimi wa ndiwo zamasamba, anaika makumba m'kadziwe ka simenti pafupi ndi khonde kuti zidzukulu ziziona. Anandiimbira kusanache bwinobwino: "Alangizi, tabwerani, nsomba zonse zayandama mimba zili m'mwamba." Nditafika ndinapeza botolo la Jik lopanda kanthu pambali pa dziwe, ndipo pakhonde panali thumba la feteleza wa 23:21:0+4S lotsegula. Anali atathira feteleza pakapinga mpaka m'mphepete mwenimweni, n'kumathirira ndi payipi, madzi akutsetserekera m'dziwemo. Ndinawauza kuti, "Bambo, nderezi mwazilera nokha." Nayitrojeni ndi fosifolasi zomwe zimanenepetsa chimanga ndi zomwenso ndere zimadya, ndiye pakhale kutentha kotere, zilekerenji kuchuluka?

Zochita mukuzidziwa kale. Vuulani ndere ndi kaukonde kapena ndodo, mukazitaye pakompositi. Musaphwetse dziwe lonse, chotsani gawo limodzi mwa magawo anayi a madzi. Madzi apampopi obwezeretsa m'dziwemo ayambe agona m'ndowa tsiku limodzi kapena awiri kuti klorini achoke. Feteleza ndi manyowa zisayandikire dziwe, masamba ogwera muzichotsa, nsomba muzizipatsa chakudya choti zimalize m'mphindi 5. Bzalani akakombo am'madzi aphimbe pafupifupi theka la dziwe, koma namasupuni ayi, mukudziwa zomwe wachita mumtsinje wa Shire. Ngati pali pampu, iziyenda ndi usiku womwe, chifukwa mpweya m'madzi umachepa kwambiri m'bandakucha.